Anayezetsa N'kuuzidwa Kuti Ali Bwino, Kenako Khansa ya M'matumbo Yapezeka: Mafunso ndi Mayankho

Ndimakhala ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo papita chaka ndi miyezi ndikudwazika amuna anga. Anawapeza ndi khansa ya m'matumbo aakulu, imene pa makadi a kuchipatala amalemba kuti cancro do cólon. Chimene chinatibaya mtima n'chakuti zaka ziwiri m'mbuyomo anali atayezetsa. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku Moatize, anali atangokwanitsa zaka 50, ndipo dokotala anawalangiza kuti akaunikidwe m'matumbo ndi kamera. Anapita ku chipatala china cholipira n'kubwerako ndi pepala lonena kuti sanapeze kanthu. Pepalalo ndinaliika musutikesi, pamodzi ndi kalata ya ukwati wathu.

Chimvekereni nkhaniyi, anthu akhala akundifunsa kuchigayo, kutchalitchi ndi pa WhatsApp. Ena akudwazika ngati ine, ena angogwidwa ndi mantha. Ndasonkhanitsa mafunso awo pano, ndipo ndayankha ndi zimene madokotala anatifotokozera komanso zimene ndaona ndi maso anga. Mawu omaliza pa wodwala wanu akhale a dokotala amene akumuona.

Zingatheke bwanji munthu kuyezedwa n'kupezeka bwino, kenako khansa n'kutulukira?

Zimatheka, mpaka madokotala ali ndi dzina lake: cancro de intervalo, kutanthauza khansa yopezeka pakati pa kuyeza koyamba ndi tsiku limene munthu amayenera kukayezedwanso. Sizichitikachitika, koma zimachitika ngakhale m'zipatala za ku Ulaya zokhala ndi zida zonse.

Dokotala wa opaleshoni anatenga pepala n'kutijambulira. Thumbo lalikulu ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Limayambira kumunsi kwa mimba chakumanja, n'kukwera, n'kudutsa mopingasa pansi pa nthiti, kenako n'kutsika chakumanzere mpaka kotulukira chimbudzi. Mkati mwake si mosalala ngati paipi ya pamjigo. Muli makwinya ndi ngodya. Pa colonoscopia, imene ku Malawi amati colonoscopy, amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera ndi getsi kunsonga, mpaka kakafike kumapeto kwenikweni, malo otchedwa cego. Amafunafuna timinofu tomera pakhoma la thumbo ngati njerewere, totchedwa pólipos. Tina mwa timeneti ndi timene timasanduka khansa, ndipo kawirikawiri timatenga zaka pafupifupi 10 kuti titero. N'chifukwa chake munthu wopezeka bwino amauzidwa kuti adzabwerenso pakatha zaka 10.

Mipata yake ili apa. Kamnofu kena kamakhala kophwatalala, kofanana mtundu ndi khoma, kobisala kuseri kwa khwinya, makamaka chakumanja kuja, ndipo kamera imadutsa osakaona. Nthawi zina m'matumbo mumakhala musanayere: munthu amapatsidwa mankhwala otsuka m'mimba oti amwe dzulo lake, ndipo akawasiyira panjira, zotsalira zimaphimba malo ena. Nthawi zina kamera imalephera kufika kumapeto. Kapenanso kamnofu kanaoneka, kanadulidwa, koma kachidutswa kanatsala n'kuphukira ngati chitsa cha bulugama. Palinso khansa zina zothamanga, makamaka m'mabanja okhala ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa síndrome de Lynch, zimene zimatha kukula m'zaka ziwiri kapena zitatu zokha.

Chotupa cha amuna anga chinali chakumanja, pafupi ndi cego. Kumeneko thumbo ndi lotakasuka ndipo chimbudzi chimakhala chikadali chamadzimadzi, choncho chotupa chimakula osatseka njira. Chimangodontha magazi pang'onopang'ono, osaoneka ndi maso, munthu n'kumangofooka.

Nanga ngati anangoyezetsa chimbudzi, magazi kapena ecografia?

Apa mufunsitse, chifukwa kuno tikati "ndinayezetsa zonse" timatanthauza zinthu zosiyanasiyana. Kuyeza chimbudzi kwa ku centro de saúde, chipatala chaching'ono chapafupi, kawirikawiri kumafufuza nyongolotsi, mazira a likodzo ndi tizilombo ta kamwazi. Sikufufuza khansa. Ecografia, ija yopaka mafuta pamimba, imaona bwino chiwindi, impso ndi chiberekero, koma mkati mwa matumbo siona bwino chifukwa mumakhala mpweya.

Pali kuyeza kwina kwa chimbudzi kofufuza magazi obisika, kumene amalemba kuti sangue oculto nas fezes. Kumeneko n'kofufuzadi khansa, koma chotupa sichidontha magazi tsiku lililonse. Ngakhale njira yamakono yotchedwa FIT imaphonya pafupifupi khansa imodzi mwa zinayi kapena zisanu pa kuyeza kamodzi, n'chifukwa chake imayenera kubwerezedwa chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri. Nako kuyeza magazi kotchedwa CEA kumatha kuonetsa kuti zili bwino munthu ali ndi chotupa. Ntchito yake yeniyeni ndi kutsatira mmene wodwala akupezera chithandizo chikayamba.

Ndiye kuti dokotala woyamba uja analakwitsa? Tikadandaule?

Funso limeneli linanditsamwa pakhosi miyezi iwiri. Pitani mukapemphe lipoti lonse la kuyeza kuja, osati kapepala ka mzere umodzi. Muone ngati analemba kuti m'matumbo munali moyera, ngati kamera inafika ku cego, komanso ngati anadula kanthu n'kukatumiza kokayeza. Lathu linali ndi mzere wonena kuti m'mbali zina munali zotsalira. Ife tinangowerenga mzere womaliza, wakuti sanapeze kanthu, ndipo palibe amene anatiuza kuti zikatero kuunikako kumafunika kubwerezedwa msanga. Zimenezi zimandiwawabe.

Ngati mwaona kuti panali kusasamala, zipatala za boma zili ndi Gabinete do Utente, kolandirira madandaulo, ndipo Ordem dos Médicos de Moçambique ndi bungwe loyang'anira khalidwe la madokotala. Ufulu umenewo ndi wanu. Koma ine ndingakupempheni kuti musayambe ndi mlandu. Masabata oyamba ndi othamangira zotsatira za biópsia (kanyama kodulidwa pachotupa kukayezedwa), kujambula m'kati mwa thupi kwa TAC (CT scan) ndi tsiku la opaleshoni, ndipo mphamvu zanu zonse zikufunika kumeneko. Sungani mapepala onse mu jumbo imodzi, muwajambulenso pafoni. Mlandu suwola, koma chotupa sichidikira.

Ndinaona zizindikiro koma ndinakhulupirira pepala. Ndimadziimba mlandu usiku wonse. Nditani?

Inenso ndinaona. Kumunda wa kachewere ankapalira mizere iwiri n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, khasu lili pamiyendo. Lamba wawo anamuboola bowo latsopano ndi msomali. M'zikhato munayera ngati mwapakidwa ufa. Ine ndinkati ndi maganizo a ntchito imene inali itatha. Tsiku lina madzulo, ndikupakula nsima, anati, "Amayi, m'mimba muno simuli bwino." Ndinayankha ndisanatembenuke n'komwe: "Si munaunikidwa inu, bambo? Pepala lili musutikesimo." Tinataya miyezi isanu akumwa mapiritsi owonjezera magazi.

Mawu anga aja ankandibwerera tambala asanalire. Chimene chinandimasula sichinali kuiwala, koma kuulula. Usiku wina m'wodi, atachitidwa opaleshoni, ndinawauza kuti ndikudziona wolakwa. Anakhala chete, kenako anandiuza chimene iwo anabisa zaka ziwiri: mankhwala otsuka m'mimba aja sanawamalize. Anawanyansa, ndipo theka analitaya kuseri kwa nyumba imene anagona. Tonse awiri tinali titasenza katundu, aliyense akubisira mnzake, aliyense akuyesa kuti akumuteteza.

Inu munachita zimene munthu aliyense amachita akauzidwa ndi odziwa ntchito kuti zili bwino. Munakhulupirira. Zimene mukuzidziwa lero simunali kuzidziwa tsiku limenelo. Ngati maganizowa akukulandani tulo ndi chakudya kwa masabata, uzani namwino kapena dokotala kuti inunso muthandizidwe. Zipatala zazikulu zili ndi psicólogo, katswiri wothandiza pa za maganizo, ndipo sakhalira odwala misala okha ayi.

Ndi zizindikiro ziti zimene tisazinyalanyaze ngakhale pepala likuti zili bwino?

Magazi m'chimbudzi, ofiira kapena akuda bii. Kutsekula m'mimba kapena kudzimbidwa kwachilendo kopitirira masabata atatu. Kumva ngati chimbudzi sichinathe. Kuonda popanda chifukwa, kupweteka m'mimba kosatha, ndi kuchepa magazi kwa bambo kapena kwa mayi amene anasiya kusamba. Matenda a mudzi, kamwazi ndi likodzo n'zofala kwathu kuno kuposa khansa, makamaka m'mbali mwa Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa, choncho si zachilendo kuyamba mwapatsidwa mankhwala a zimenezo. Koma mukamwa osasintha, bwererani ndipo mufunse za kuunikidwa. Mimba ikatupa, munthu n'kumasanza, chimbudzi ngakhale mpweya osatuluka, thamangirani ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi, usiku womwewo.

Adokotala akuti ili pa estádio 3. Kodi ndiye kuti amwalira?

Ayi, sizikutanthauza zimenezo. Khansa imeneyi amaigawa m'magawo anayi. Pa gawo 1 ndi 2 chotupa chili pathumbo pokha, kusiyana kwake n'kuzama kumene chalowa m'khoma. Pa gawo 3 chafika m'timabere tapafupi, tija tikatupa timati mwanabere. Pa gawo 4 chafalikira kutali, kawirikawiri kuchiwindi kapena m'mapapo. Pa opaleshoni amadula chigawo cha thumbo pamodzi ndi timabere tozungulira, ndipo amafuna tosachepera 12 kuti akatiyeze bwino. Gawo lenileni limadziwika zotsatira zimenezi zikatuluka.

M'mayiko amene chithandizo chili pafupi, pafupifupi anthu 9 mwa 10 amene khansa yawo yapezeka isanachoke pathumbo amakhala ali moyo pakatha zaka 5, ndipo ambiri a gawo 3 amachira akalandira opaleshoni ndi mankhwala. Kwathu kuno mtunda ndi kuchedwa zimadya mwayi umenewu, n'chifukwa chake ndimalimbikira kuti tsiku lililonse limene apereka kuchipatala lisaphonyedwe. Amuna anga anali a gawo 3.

Ife a m'chigawo cha Tete chithandizo tikachipeza kuti?

Njira ya boma imayambira ku centro de saúde, kupita ku chipatala cha boma lanu, monga Hospital Rural de Ulónguè kwa ife a ku Angónia, kenako Hospital Provincial de Tete. Zimene sizingatheke kumeneko amatumiza ku zipatala zazikulu monga Hospital Central da Beira kapena Hospital Central de Maputo, ndipo mumapita ndi kalata yotchedwa guia de transferência. Musanyamuke popanda kalata imeneyi. Mitunda yake njosautsa: kuchoka ku Ulongwe kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, Tete kufika ku Beira pafupifupi 600, ndipo ku Maputo ndi oposa 1,500.

Makina owotcha khansa, radioterapia, anatsegulidwa ku Hospital Central de Maputo mu 2019. Musadandaule ngati wodwala wanu sanatumizidweko. Makinawo amafunika kwambiri pa khansa ya kumunsi kwenikweni, pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Ya kumtunda m'thumbo imachizidwa ndi opaleshoni, ndipo ena amawonjezera mankhwala.

Ambiri a m'malire amayang'ananso ku Malawi, chifukwa kuchokera pa Calómuè kudzera ku Dedza, Lilongwe ali pafupi kuposa Tete, ndipo ku Kamuzu Central Hospital n'kumene kuli malo aakulu othandizira odwala khansa m'dzikolo. A ku Zóbuè amadzera ku Mwanza kupita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Chilankhulo chimathandiza, poti wodwala amafotokoza ululu wake m'Chichewa. Koma funsani kaye za malipiro a anthu ochokera kunja ndi zikalata zowolokera, ndipo kumbukirani kuti mapepala athu ndi a Chipwitikizi pamene awo ndi a Chingerezi. Choopsa chachikulu ndi kudumphadumpha, kuyamba uku, kusiya, kukayambanso uko. Sankhani malo amodzi amene mungathe kubwererako mobwerezabwereza kwa theka la chaka.

Chinthu china chaching'ono koma chofunika: kanyama ka biópsia kakatumizidwa kokayezedwa, lembani nambala yake ndi tsiku, ndipo mufunse amene mungamuimbire. Zotsatira zimatenga masabata, ndipo wozilondola ndinu.

Ndalama tizitenga kuti?

Zimene zimatha ndalama kwambiri ndi chapa (minibasi), basi, malo ogona, chakudya cha wodwazika, ndi mankhwala ogula ku farmácia pamene kuchipatala atha. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri msanga, mukhale pansi, muwauze kuti ulendowu ndi wa miyezi. Ife tinasankha alamu anga aang'ono kuti azisunga kabuku ndi kulandira zonse pa M-Pesa ndi e-Mola, ndipo zimenezi zinatseka pakamwa pa anthu okonda kufunsa kuti ndalama ija inapita kuti. Amayi a gulu lathu la chipereganyu, limene ena amati xitique, anandipatsa ndime yanga nthawi isanakwane. Tinagulitsa ng'ombe imodzi. Munda ndinakana kugulitsa ngakhale ogula anabwera kawiri, chifukwa wodwala akatuluka m'chipatala adzafunabe kudya.

Ngati wodwala ali pantchito yodulidwa za INSS, bungwe la boma la inshuwaransi ya ogwira ntchito, funsani za thandizo la nthawi ya matenda. Kuchipatala funsaninso ofesi ya serviço social, ndipo kuboma kuli INAS yothandiza mabanja ovutikitsitsa.

Achibale akuti chipatala sichinaone kanthu poyamba chifukwa matendawa ndi a kwa anthu. Ndiwayankhe bwanji?

Kwa ife amene tinali ndi pepala loyera, ili ndilo phiri lalikulu. Apongozi anga anaganiza chimodzimodzi, ndipo maganizo awo anali ndi mutu wake: makina anayang'ana osaona kanthu, lero mwana wawo akuonda, ndiye kuti pali munthu. Sindinawanyoze. Ndi mayi amene ankaona mwana wake akutha. Ndinapempha amalume a amuna anga kuti atiperekeze kwa dokotala, adzionere okha chithunzi cha TAC ndi kumva kuti kanyama kaja kanayezedwa n'kupezeka khansa. Atabwerera kumudzi, iwo ndi amene analankhula ndi alongo awo. Mawu amene akanakanidwa akanachokera kwa ine mkamwana, anamveka atachokera kwa iwo.

Pemphero sililimbana ndi chipatala. Amayi a kutchalitchi ankabwera Lachinayi lililonse ndipo ankatisiya titapepukidwa. Chimene ndimakana ndi munthu wouza wodwala kuti ataye mankhwala, kapena womumwetsa zitsamba zotsekula m'mimba kuti "chituluke". Munthu amene ali pa mankhwala a khansa chiwindi ndi impso zake zili kale pantchito yolemetsa. Chilichonse chimene wodwala akumwa, ngakhale cha sing'anga wa ku AMETRAMO, bungwe la asing'anga, dokotala achidziwe.

Mudzamvanso zoti khansa akaing'amba imafalikira. Si zoona. Pa khansa ya m'matumbo, opaleshoni ndi imene imachiza. Anthu amene anamwalira atangong'ambidwa nthawi zambiri anafika matenda atafalikira kale.

Quimioterapia, chithandizo cha mankhwala a khansa, ikayamba, kunyumba tiyembekezere zotani?

Mankhwala ofala ndi 5-fluorouracil wa m'diripi, capecitabina wa mapiritsi, ndi oxaliplatina wa m'diripi. Amaperekedwa pa masabata awiri kapena atatu alionse, kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Masiku oyamba akalandira kumakhala kutopa, nseru, kutsekula m'mimba, nthawi zina zilonda m'kamwa. Tsitsi pa mankhwala amenewa kawirikawiri limangopyapyala, silithothoka lonse.

Oxaliplatina ali ndi khalidwe lake limene kuno kumapiri limavuta kwambiri: amadana ndi kuzizira. Mwezi wa June, chisanu cha ku Angónia chitafika, amuna anga akangogwira ndowa yachitsulo m'mawa zala zinkachita ngati zagwidwa ndi magetsi, ndipo madzi a mumtsuko ankawatsamwa pakhosi. Ndinayamba kuwafunditsira madzi akumwa, kuwaveka masokosi m'manja, ndi kukulunga chigwiriro cha chitseko ndi kansalu. Dzanzi la m'zala likamakula mpaka kulephera kumanga mabatani, uzani dokotala, amachepetsa mlingo. Mapiritsi a capecitabina amatha kufiiritsa ndi kusenda zikhato ndi mapazi. Pakani mafuta, ndipo nenani msanga.

Gulani choyezera kutentha kwa thupi. Chikafika 38, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukanene pakhomo pomwe kuti munthuyu ali pa quimioterapia. Musangoti ndi malungo n'kumupatsa paracetamol. Mankhwalawa amachepetsa asilikali a m'thupi, ndipo matenda aang'ono angathe kumugwetsa m'maola ochepa. Agone m'masikito tsiku lililonse. Ngati amamwa ma ARV, asasiye, koma madokotala a mbali zonse ziwiri adziwe.

Kodi adzavala thumba la chimbudzi? Nanga za m'nyumba?

Ambiri savala. Thumbo amalidula n'kulilumikizanso, monga anachitira ndi amuna anga. Thumba, limene amati bolsa de colostomia, limafunika kwambiri pamene opaleshoni yachitika mwadzidzidzi njira itatsekeka, kapena chotupa chili kumunsi kwenikweni, ndipo kwa ena limakhala la miyezi chabe. Mayi wina amene tinkagona naye pansi m'wodi ankadwazika amuna ake a thumba. Tsiku loyamba anathawira panja akulira. Pofika sabata yachiwiri ankalisintha akucheza nane. Kanyama kotulukira pamimbapo kamakhala kofiira ndi konyowa, koma sikamva kupweteka. Amatsuka ndi madzi oyera, kuumitsa khungu bwinobwino, ndi kukhuthula thumba lisanafike theka. Matumbawa amasowa, choncho pemphani ena otsala asanathe.

Za m'nyumba, khansa sipatsirana pokhala malo amodzi. Bala likapola ndipo mphamvu zikabwerera, palibe choletsa. Pa nthawi ya quimioterapia gwiritsani ntchito kondomu ndipo pewani mimba. Chilakolako chikachepa musaganize kuti mwakanidwa. Musasamuke pamphasa. Amuna anga anandiuza pambuyo pake kuti chimene ankaopa kuposa imfa n'chakuti ndiyamba kunyansidwa nawo.

Azidya chiyani?

Masabata oyamba atachitidwa opaleshoni, zofewa ndi zochepa koma pafupipafupi: phala la ufa woyera lothira nsinjiro kapena dzira, kachewere wophwanya, nthochi zakupsa, msuzi wa nkhuku, pende wophika. Nyemba, kabichi ndi mgaiwa zibwere pang'onopang'ono m'mimba mukakhazikika. Akamatsekula, madzi a thanzi aja a mchere ndi shuga asasowe. Madzi akumwa awiritsidwe. Musamumane nsima kapena shuga chifukwa cha zimene mwawerenga pa Facebook zoti khansa imafa ndi njala. Wofooka ndi njala ndi wodwalayo, ndipo akaonda kwambiri madokotala amaimitsa mankhwala.

Kodi ana athu ali pa chiopsezo?

Khansa sipatsirana podyera mbale imodzi kapena pochapa zovala. Koma magazi ali ndi mbali yake. Ana, abale ndi alongo a mimba imodzi a wodwala amalangizidwa kuyamba kuunikidwa pa zaka 40, kapena zaka 10 asanafike msinkhu umene m'bale wawo anapezeka nayo, kutengera chimene chayamba kufika. Ife Achewa timawerenga mtundu kuchikazi, koma pa nkhani iyi magazi a bambo ndi a mayi amalemera mofanana. Ngati m'banjamo muli angapo amene anadwala khansa ya m'matumbo kapena ya m'kati mwa chiberekero (osati ya khomo la chiberekero), makamaka asanafike zaka 50, uzani dokotala, chifukwa ndi mmene síndrome de Lynch imaonekera.

Fodya, mowa ndi kunenepa kwambiri zimawonjezera chiopsezo, ndipo mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika nyama zokonzedwa ngati soseji ndi chouriço m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa imeneyi. Izi n'zoti ana azidziwe, osati zokumbutsa wodwala ali pamphasa.

Tiwauze anthu? Nanga mwini wakeyo timuuze zonse?

Mwini thupi auzidwe. Achibale ena amapempha dokotala kuti abise, koma munthu amene akupita ku oncologia, kothandizira odwala khansa, mwezi ndi mwezi amadziwa, ndipo amangosungulumwa nacho yekha. Ana athu tinawauza tonse awiri, dzina la matenda tinalitchula, ndipo wamng'ono anafunsa ngati iyenso atenga. Akanapanda kuuzidwa akanakhala ndi mantha amenewo mumtima. Kwa anthu a m'mudzi, wodwala asankhe yekha amene adziwe.

Amangokalipa kapena kukhala chete, ndipo ine ndatopa. Kodi ndine woipa mtima?

Si inu woipa. Bambo amene ankasenza thumba la feteleza paphewa, lero akugwiriziridwa popita kuchimbudzi, ukali wake umagwera amene ali pafupi. Tsiku lina anakankha mbale ya phala mpaka inagwa, ndipo ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kulira ngati mwana. Chimene chinathandiza ndi kuwabwezera zina mwa ntchito zawo. Ndinayamba kuwafunsa za mtengo wogulitsira kachewere, za aganyu, za fizi ya ana. Anayambanso kuwerengetsa ndalama, ndipo nkhope inasintha. Chete wawo ndinaphunzira kumulemekeza. Nthawi zina ndinkangokhala pambali pawo ndikusenda nyemba, osanena kanthu. Koma ukali ukafika pomenya kapena kuopseza, uzani ankhoswe ndi a chipatala. Matenda sapereka chilolezo chimenecho.

Inuyo mugone, mudye, ndipo mankhwala anu a BP kapena a shuga musaiwale. Anthu obwera kudzazonda akamati "tithandize chiyani", musayankhe kuti zili bwino. Atumeni: uyu akatunge madzi, uyu akagayitse, uyu agone kuchipatala Loweruka kuti inu mukaone ana.

Nanga madokotala akanena kuti singachizike?

Chithandizo sichithera pamenepo. Mankhwala amatha kuchedwetsa matenda, ndipo pali chisamaliro chochepetsa ululu chimene amati cuidados paliativos. Morfina woperekedwa ndi dokotala pa mlingo wake safulumizitsa imfa, amalola munthu kugona ndi kucheza ndi ana ake. Amadzimbitsa, choncho pemphani ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Ululu musaupirire mwakachetechete poopa kuvutitsa anamwino. Nthawi imeneyi ndi yofunsanso wodwala kumene akufuna kukhala, ndi kukonza za munda, nyumba ndi ana pamaso pa ankhoswe iye akadali ndi mawu, kuti wotsalayo asadzavutitsidwe.

Kodi tingadzakhulupirirenso zotsatira za kuyeza?

Ine ndimazikhulupirira, koma tsopano ndimaziwerenga zonse, ndipo thupi likanena zosiyana ndi pepala timabwerera kuchipatala. Kuunika m'matumbo kumapulumutsa anthu ambiri, ndipo alamu anga awiri ndinawakakamiza ndine kuti akaunikidwe. Mmodzi anamupeza ndi kamnofu, anakadula pomwepo.

Chithandizo chikatha, wodwala amaonedwabe kwa zaka zisanu: magazi a CEA pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, TAC nthawi ndi nthawi, ndi colonoscopia ina pakatha chaka chichitikireni opaleshoni. Yathu inali mwezi wathawu. Dzulo lake ndinakhala nawo pakhonde la nyumba ya alendo, chigubu cha mankhwala otsuka m'mimba chili pakati pathu, ine ndikuthira m'kapu ndi kulemba kamzere pachikuto cha kope akamaliza iliyonse. Pa kapu yachisanu ndi chimodzi anati, "Amayi, basi, ndakwana." Ndinati, "Bambo, zatsala ziwiri," ndipo ndinawapatsa kachidutswa ka ndimu kuti anyambite. Anamaliza. M'mawa mwake dokotala atatuluka ndi lipoti, ndinamupempha kuti andilozere ndi chala pamene palembedwa kuti m'matumbo munali moyera, ndi pamene palembedwa kuti kamera inafika mpaka polumikizira paja. Anandilozera mizere yonse iwiri. Tsiku lokayezetsanso magazi ndalilemba pakalendala ya kukhitchini, pafupi ndi tsiku lobzala.